Nkhungu ya pa Kasupe

Mwana wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mkamwini wanga ndi wa zidzukulu zanga. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko? Ine kuno ndiliko, ndikupuma, ndipo mawu akuti kupumawa masiku ano ndimawatchula mwaulemu.

Mlongo wako anakuuza pa foni kuti ndinali ndi kachifuwa. Usamukalipire, ndinamutuma ndine kuti achepetse nkhani. Chinali chibayo, ndipo chinandifikitsa pakhomo penipeni pa manda. Tsopano poti mphamvu zabwerera, ndati ndikulembere zonse ndekha.

Nyumba ya masitolo ija mmene muli shopu yanga ya utelala ukuidziwa. Utachoka iwe, pakati pake, pansi pa denga la galasi, anamangapo kasupe wokongoletsera. Madzi ankatumphuka m'kamwa mwa nsomba ya simenti n'kugwera m'beseni lalikulu lokhala ndi magetsi pansi pake. Dzuwa likafika pamutu, kuwala kunkatsika pagalasipo n'kulowa mu nkhungu ya madziwo, ndipo pankaoneka kautawaleza kakang'ono, kongokwana m'thumba la malaya.

Masana aliwonse tinkakhala pa benchi ya pafupi ndi kasupeyo anthu atatu: ine, a Mawotchi amene ankakonza mawotchi pansi pa masitepe, ndi mayi wa shopu ya magalasi a maso, amene tonse timangowatchula kuti a Magalasi. Tonse a imvi, tonse tinaika anzathu a pabanja. A Mawotchi ankati ndife katundu wotsala pa shelefu.

Nkhungu ija inkatigwera kumaso, yoziziritsa bwino. Ndikatsinzina ndinkamva ngati mayi ako ali pafupi, akukung'untha nsalu yonyowa asanaiyanike. Ndinkaipuma dala nkhunguyo, mwana wanga, mpaka pansi pa mapapo.

Oyamba kudwala anali a Mawotchi. Kenako a Magalasi sanatsegule shopu. Ine chinandipeza ndikuyeza kasitomala m'chiuno. Manambala a pa tepi anayamba kusambira ngati tinsomba, ndipo podzidzimuka ndinali m'chipatala, chondithandiza kupuma chili kumphuno.

Za masiku amenewo ndikukumbukira maloto okhaokha. Ndinkaona shopu yanga itadzaza madzi mpaka kudenga, majekete akuyandama manja ali tambasu, ine ndikupalasa makina bwinobwino pansi pa madzi, ulusi ukutuluka wonyezimira. Mayi ako anaima pakhomo ndi ambulera. Anali mtsikana, wa msinkhu wakowu. Ndinawafunsa ngati nditseke shopu tizipita limodzi. Anaseka, nati ndimalize kaye zovala za eni, iwo sakuthamangira kulikonse.

Nditatsitsimuka, adokotala anandifunsa mafunso odabwitsa: kumene ndimagwira ntchito, kumene ndimasamba, ngati pali malo amene madzi amawazika m'mwamba. Akuti odwala chibayo chofanana anali atabwera angapo, onse ochokera m'nyumba imodzi. Kachilomboko akuti dzina lake ndi Legionella. Ndinawauza kuti dzina lokongola chonchi likanayenera mwana wamkazi wa munthu, osati chinthu chopha.

A Mawotchi sanatuluke. Ankasuta fodya kuyambira pa unyamata, ndiye mapapo awo analibe pogwira. Anawaika ine ndili chigonere. Pakhoma la kashopu kawo mawotchi a anthu akadali pomwepo, ena akuyenda, ena aima, iliyonse ndi nthawi yakeyake.

Nditabwerera ku ntchito ndinapeza kasupe atauma, atamuzinga ndi chingwe chofiira. M'nyumba monse munkayendayenda mayi wina wochepa thupi, woyeza madzi, wovala ovololo, ali ndi chikwama cha mabotolo ndi kachitsulo koyezera kutentha. Anafika kwa ine kudzaona kampope ka kuseri kwa shopu, kamene ndimatungapo madzi owaza pa zovala posita. Ndinamupempha kuti andiuze chimene chinatenga mnzanga. Anandiyang'ana kanthawi, nati ngati miyendo ikulola ndimutsatire.

Tinayenda m'mawa wonse. Sindinkadziwa kuti nyumba imene ndagwiramo ntchito zaka zonsezi ili ndi mitsempha yake. Kuseri kwa makoma ndi pamwamba pa siling'i mapaipi ali piringupiringu, ena ofunda ukawagwira, ena ozizira. Iye ankatsegula mpope, n'kuika kachitsulo kaja m'madzi, n'kudikira. Akuti madzi otentha azitentha ndithu moti dzanja lithawe, ozizira azizizira ndithu. Oopsa ndi apakatikati, ofunda ngati osambitsira khanda, makamaka akakhala osayenda. Mmenemo ndi mmene kachilomboko kamaswana, m'ndere ndi m'dzimbiri.

Akuti kawirikawiri si kumwa kumene kumadwalitsa, ndiponso munthu sapatsira mnzake. Kamalowa ndi timadontho touluka: ta pa shawa, ta pa makina oziziritsira nyumba a padenga, ta pa kasupe ngati wathu uja. Magetsi a pansi pa beseni ndi amene ankafunditsa madzi. Kumapeto kwa sabata pampu ankaizimitsa, madzi n'kugona, Lolemba n'kuwazidwanso m'mwamba, ife tili pa benchi kukamwa yasa.

Pansanjika yapamwamba pali maofesi amene anthu anasamukamo kalekale. Tinalowamo ndi woyang'anira nyumba, bambo amene chichitikireni maliro aja sayang'ana munthu kumaso. Iye ankangonyamula makiyi n'kumachita chilichonse chimene mayiyo wanena. Mipando inali yofunditsidwa nsalu zoyera, makatani akugwedezeka pang'onopang'ono ngati akupuma. Mayiyo anatipatsa zophimba pamphuno ndi pakamwa, kenako anatsegula mipope yonse mwapang'ono. Poyamba inatsokomola ngati ine ndemwe n'kulavula madzi ofiirira. Kenako inayamba kuimba, uliwonse ndi mawu ake. Ndinaima pakati pa chipinda chopanda anthucho ndikumvetsera, osadziwa ngati ndili maso kapena ndabwerera ku maloto aja.

Anandionetsanso paipi ina imene anaidula pogumula bafa lakale, n'kungoitseka kumapeto. Madzi analowamo zaka zapitazo, alibe kotulukira. Akuti zoterezi amazichotseratu. Thanki ya padenga aitsuka, athiramo mankhwala, aikapo chivundikiro chatsopano. Mipope yosagwiritsidwa ntchito izitsegulidwa sabata iliyonse. Mabotolo ake amapita nawo kokayeza, ndipo azibwerabe kudzatunga mpaka mtima wake utakhala pansi. Kasupe yekha wati asadzayatsidwenso. M'beseni muja athiramo dothi, adzalamo maluwa.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndakhala ndikuizungulira ngati galu wofuna pogona.

A Magalasi anatuluka m'chipatala pambuyo panga. Iwo chinawagwira kwambiri. Amakhala okha m'kanyumba ka pamwamba, m'nyumba yosanja yopanda chikepe, ndipo ana awo ali kutali ngati iweyo. Tsiku loyamba kukawaona ndinawapeza atakhala pa masitepe, pakati pa ulendo, thumba la mankhwala lili pamiyendo, akudikira kuti mpweya ubwerere. Ndinakhala pambali pawo, poti wanganso unali utatha. Anati akanakhalapo a Mawotchi bwenzi akutiwerengera mphindi. Tinaseka mpaka kutsokomola, kenako tinalira pang'ono, kenako tinakwera.

Kuyambira pamenepo ndimapitako masana aliwonse. Ndimawagulira zofunika pakhomo, iwo amandilowetsera ulusi pa singano, uku akundinena kuti magalasi angawa ndinagula kwa akuba. Tikakhala pawindo lawo sitilankhula zambiri. Iwo amawodzera, ine n'kumasokerera mabatani, dzuwa likuyenda pakhoma.

Sabata yatha ndinawauza kuti kwathu kulibe masitepe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kundifunsa ngati ndikuwafunsira kapena ndikutsatsa nyumba ya lendi. Ndinati ndikufunsira. Kenako anati iwo alibe chokanira, koma nyumba imeneyo ili ndi mwana wamkazi amene anakuliramo, amene anadwazikiramo mayi ake mpaka tsiku lomaliza, ndipo iwo sangaponde pakhomopo mwanayo asanalole ndi mtima wake wonse.

Ndiye ndabwera kwa iwe, mwana wanga. Mlongo wako wavomera, koma iye uja amavomera chilichonse. Azakhali ako akuti kutentha thupi kuja sikunandichoke m'mutu. Mawu amene ndikudikira ndi ako.

Ndikukumbukira kuti ponyamuka unandipempha kuti ndisasunthe kanthu ka mayi ako, ndipo makapu awo akadali mmene anawasanjira. Sindikufuna kufufuta munthu. Zaka zanga zonse zabwino ndinadya ndi mayi ako, ndipo zimenezo palibe angandilande. Koma ndaona mmene mpweya umathera, ndipo wotsalawu ndikufuna ndiupume pali wina wondifunsa ngati ndamwa mankhwala, nanenso ndili ndi womufunsa.

Ukakana sindikwiya. Ndizikwerabe masitepe aja mpaka miyendo idzakane yokha. Koma usayankhe mothamanga, ndipo usayankhe pa foni ana akusokosera. Ukhale pansi, ulire ngati kulira kukubwera, kenako undilembere.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga, umuuze kuti shawa ya kuchipinda cha alendo aziitsegula sabata iliyonse ngakhale kulibe mlendo. Zidzukulu zanga uziuze kuti agogo awo achira ndipo akuzisowa. Apongozi ako usawaiwale. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni tulo tabwino ndi chifuwa chopepuka.

Nsalu ya diresi la ukwati la a Magalasi ndagula kale. Ndaiyala patebulo, ndajambulapo ndi choko. Lumo lili pambali, sindinadule.

Ndine bambo ako okukonda,
Atelala