Simbi ya ku Joni

Lolemba, 15 Julayi

Mibadwo yam'tsogolo idziwe: lero nthawi ya 4 koloko, komiti yofalitsa uthenga, itapemphera kawiri n'kukangana katatu, yalandira malo amene a zaulimi atipatsa pa chionetsero cha Lachisanu pa Boma. Tenti ya Mulungu idzakhala pakati pa khola la mbuzi ndi makina otonolera chimanga.

Mayi Sellah, wapampando, akuti chaka chatha alimi ankalandira timapepala tathu mwaulemu n'kukakulungira nthangala za maungu. Chaka chino akufuna sewero la mwana wolowerera. Onse anacheukira ine. Digiri yanga kuno ku Mzimba ili ndi ntchito ziwiri: kulemba maminitsi ndi kuseketsa anthu.

Lachiwiri, 16 Julayi

Kuno "dziko lakutali" la m'Baibulo lili ndi dzina. Ndi ku Joni. Wolowerera wanga akhala mtchona.

Nkhani sindinaivutikire. Ndi ya Nason Zgambo, mlimi wa mbatatesi kufupi ndi Jenda, mnzanga woyamba chibwerere kuchokera ku Ntchisi. Anakhala ku Joni zaka 11, n'kubwerako ndi simbi yamagetsi basi, kumudzi kopanda magetsi. Kwawo amadziwa kuti anamubera pa boda. Zoona zake anandiuza ine ndekha tili m'dimba mwake: katundu yense anatsalira mkazi wina wa kumeneko, ndi ana awiri. Mkazi wake NyaShaba, amene anamudikira zaka zonsezo akulima yekha, sadziwa.

Dzina ndasintha. Mudzi ndasintha. Simbi yokha ndaisiya, poti ukaichotsa palibe choseketsa.

Lachitatu, 17 Julayi

Kuyeserera. Mtchona ndi Louis, wapolisi wochokera ku Mulanje, ndipo kuyenda kwa munthu wotsika basi ya ku Joni akukutha koopsa. Abusa anaseka mpaka kutsokomola, kenako atakumbukira kolala yawo anati Mzimu walankhula. Mayi Sellah anandifunsa kuti nkhani yomveka ngati yoona chonchi ndaitenga kuti. Ndati matchona onse nkhani yawo ndi imodzi.

Lachinayi, 18 Julayi

Nason waimba foni. Kalabu yawo yamusankha kudzaonetsa mbatatesi mawa, koyamba. Abwera ndi NyaShaba. Ndatsegula kope, ndawerenganso sewero lonse, ndatseka.

Lachisanu, 19 Julayi

Mphepo yozizira, fumbi, kwaya yathu kulimbana ndi mbuzi. M'mawa wonse tenti inali ndi ife tokha ndi agogo awiri othawa mphepo. Koma Louis atatulukira ndi chikwama chachikulu ndi magalasi akuda, anthu anasiya ng'ombe, anasiya makina. Ngakhale oweruza anabwera ndi mapepala awo.

Louis anatsegula chikwama, n'kutulutsamo simbi, n'kuyamba kufufuza polumikiza chingwe pa mtengo wa tenti. Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Mayi wina wa kalabu ya Nason anakuwa: "Simbi ya aZgambo iyo!" Anthu anatembenuka. Nason, ataima pa thebulo lake la mbatatesi, anaseka nawo, n'kuvula chipewa. Za simbi anazolowera kusekedwa.

Kenako Louis anagwada pamaso pa bambo a m'seweromo. "Adada, ndachimwa. Za pa boda ndinanama. Ndasiya mkazi ndi ana awiri kumeneko."

Kutsogolo ankasekabe. Ku mathebulo a kalabu kunali zii. NyaShaba anayang'ana mwamuna wake, iye n'kuyang'ana pansi. Mayiyo anaika pathebulo mbatatesi yomwe ankapukuta, anamanganso chitenje, n'kulunjika ku depoti. Sanathamange.

Abusa ataitana ofuna kulapa, anthu anadzaza mpaka ku khola. Abusawo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Mbatatesi ya Nason yakhala yachiwiri. Dzina linaitanidwa katatu. Mphoto yake, keni yothirira, anakamulandirira mlangizi.

Loweruka, 20 Julayi

Foni ya Nason siikupezeka.

Lamulungu, 21 Julayi

Andiimiritsa m'tchalitchi, andiombera m'manja. Abusa akuti mphatso yotere isakwiriridwe, ndipo sewero lipitenso ku chionetsero cha ku Engutwini. Mayi Sellah okha sanaombe. Potuluka anangondiuza kuti ku Engutwini n'kwawo kwa NyaShaba, ndipo ali kumeneko kuyambira dzulo.

Lachiwiri, 23 Julayi

Nditaweruka kuphunzitsa kusukulu ndinakwera minibasi ya ku Jenda. Njira yonse ndinkakonza mawu: kuti dzina ndinasintha, kuti cholinga chinali uthenga, kuti anthu ambiri alapa.

Ndinamupeza Nason pakhonde akusankha mbatatesi zambewu. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pa thumba. Anafunsa za kusukulu, za chimfine changa. Anati akuluakulu a mbali zonse ziwiri akumana Loweruka, ndipo alongo ake a NyaShaba atumiza mawu oti asayerekeze kupita yekha.

Anapitiriza kuponya zowola kumbali.

"Munalemba makora chomene, asambizgi. Palibe chomwe munaonjezera," anatero. "Ine ndimati ndidzamuuza ndekha, m'nyumba, chitseko chotseka. Chaka ndi chaka ndimati mawa. Mbwenu wamvera pamodzi ndi mbuzi."

Ndinaimirira. Anandiperekeza mpaka pa mlambe wa m'malire mwa munda wake, osati kumsewu monga kale. Anati yewo, n'kubwerera.

Pali chimene sindinalembe Lachisanu. Mayi uja atakuwa dzina la Zgambo, Louis anaima, simbi ili m'manja, n'kundiyang'ana. Anali atazindikira. Ndikanapukusa mutu akanalumpha mawu a za mkazi ndi ana aja, kwaya n'kuyamba nyimbo. Ndinayang'ana khamu lija likuseka zolemba zanga, anthu ochuluka kuposa onse amene anandimverapo.

Ndinagwedeza mutu kuti apitirize.