Roketi Yanga Yadya Utsi

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, dzuwa silinaoneke n'komwe kuno ku Mlangeni.

Roketi yanga yatha, koma osati momwe ndinkafunira. Ndi kachifanizo ka ija ya ku Russia imene inanyamula munthu woyamba kupita mumlengalenga. Thunthu lake ndi paipi ya madzi, matanki anayi a m'mbali ndinapinda makatoni. Ndinalonjeza aphunzitsi a sayansi kuti mawa ndipita nayo kusukulu, ana akaione.

Penti yoyera ndinapaka Lolemba, koma ndi chifunga chimenechi inkangomata m'manja. Ndinaisiya pakhonde n'kupita kumaliro ku Kasinje. Pobwera lero ndapeza palibe. Mayi a kunyumba, a Nangozo, akuti, "Ndinakupachikirani kukhitchini pamodzi ndi chimanga cha mbewu. Nyengo ino chinthu chimauma ndi utsi, bambo."

Kuuma yaumadi. Koma kumunsi konse kwada bii ndi mwaye, kumtunda kwafiirira, ndipo ikununkha nkhuni. Ndinaitsitsa mokhumudwa. A Nangozo anaitembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Paja munati imanyamuka ndi moto? Ndiye yoyera mbee muja ana akanakukhulupirirani bwanji?"

Ndaiimika patebulo, ndikuiyang'anabe. Ikuoneka ngati inapitadi kwinakwake n'kubwerako. Penti yotsala ilipo m'chitini, koma sindipakanso. Ana akafunsa amene anaimaliza, nditchula a Nangozo.