Chimanga cha Mbewu Mwagayitsa

Bambo a Linda,

Ndanyamuka ndi amayi anzanga, tikukamweta mpunga waganyu ku Mozambiki, kumene mvula inagwako. Sindinakudikireni dala, tikanaonana lero zikanaipa.

Chimanga chochepa chija ndinapachika kudenga la kukhitchini, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe, chinali cha mbewu, ndipo mumadziwa. Ine ndi ana tadya gaga mwezi wathunthu osachikhudza. Inu mwakachigayitsa dzulo, ati alendo anu a ku Kachulu asaone kuti pakhomo pano pali njala. Akhuta, apita.

Ana ndawasiya kwa achemwali anga. Mbuzi ija muziimwetsa madzi, nayonso musaiphere alendo. Pepani, zenga lanu ndatenga kuti ndikamwetere mpungawo.

Ufa wotsalawo muusunge bwino. Mvula ikadzagwa, mudzadzala womwewo.

Ine,
Angella