Nyumba Yatsala pa Moyo Wako

Chillacombe, Devon
Epulo 1819

Mdzukulu wanga Gideon,

Landira moni, ngakhale sukuyenera kupatsidwa moni. Uli bwanji kutsidya la nyanjako? Ine ndilipo, ngati kukhalapo kwake ndi kumeneku. Mawondo akana ntchito, mano atsala awiri ndipo sakumana. Mlongo wako Thirza ali bwino. Mwamuna wake sanabwereko kunkhondo ya Afalansa, ndiye ali pano ndi ana ake atatu, odya ngati makoswe a m'nkhokwe.

Bambo ako aang'ono a Barnabas tinawaika m'manda mwezi wa Febuluwale. Anagona m'ngalande atakhuta mowa wa maapozi, chisanu n'kumaliza zotsalazo. Ndinalira, poti mwana ndi mwana, koma misozi isanaume ndinakumbukira za nyumba.

Mwina mchere wa kumeneko unakudya mutu, ndiye ndikukumbutse. Nyumba ino ndi munda wa maapozi, agogo ako aamuna a Jabez anazitenga kwa mwini malo pa miyoyo itatu. Timakhalamo malinga mmodzi mwa anthu atatu otchulidwawo akupuma. Anadzitchula okha, anatchula Barnabas, kenaka iwe, uli khanda lamamina. Ine anandisiya, ati akazi sachedwa kufa. Lero amene akukoleza moto pano ndani?

Awiri apita. Watsala iwe.

Sabata isanathe chiikireni maliro a Barnabas, kunabwera a Pinsent, kapitawo wa mwini malo, chipewa chili kumutu m'nyumba ya eni. Ankalankhula ndi ine koma maso ali pa mitengo ya maapozi. Anati miyoyo yonse itatu yatha, tituluke tikamaliza kukolola. Ndinawafunsa kuti mtembo wako anauona kuti. Anati mtembo ngwachiyani, pamene belu linalira mudzi wonse ukumva.

Za belulo sukuzidziwa. Chaka chimene unachoka kunamveka kuti sitima yanu yamira. Ine ndinati tidikire, anthu a banja lathu la Tozer samira, mitu yawo ilibe kanthu, imayandama. Palibe anandimvera. Thirza, ndi mtima wake wa phala uja, anathamangira kutchalitchi, belu la maliro n'kukulirira. Abusa anakupempherera, mkate wa maliro tinadya, ndipo a Barnabas anakumwera masiku angapo.

Mwezi watha Enoch Yeo anabwera kuchokera ku Newfoundland, ati anakuona ndi maso ake padoko, ndevu mpaka pachifuwa, ukuyanika nsomba, mkazi ali pambali. Zaka zonsezi, ngakhale uthenga wapakamwa unakukanika.

Ndinamukoka Enoch mpaka kwa a Pinsent. Iwo anaseka, ati Enoch akalawa amaona ngakhale angelo akupalasa bwato. Anati lamulo likuti munthu wosowa kutsidya kwa nyanja zaka zisanu ndi ziwiri amayesedwa wakufa. Ndinawauza kuti wakufa wawoyo wakwatira, pamene iwo amoyo akukanidwabe m'midzi itatu. Mwina ndikanameza mawu amenewo. Nkhope inawafiira, n'kunena kuti ngati ulidi moyo, udzaimirire wekha pabwalo la mwini malo pa tsiku la Mikaeli Woyera, kumapeto kwa Sepitembala, pamaso pa anthu okudziwa. Kalata sadzailandira, ati pepala silipuma.

Ndinapita kwa abusa kukapempha kuti alize belu lina lobweza loyamba lija. Anati belu lotero kulibe.

Gideon, ndatopa. Ukuwakumbukira a Keziah Cleave a kumtsinje aja? Miyoyo ya nyumba yawo itatha, denga linasasulidwa sabata yomweyo. Pamene panali khomo lawo pakudya ng'ombe, eniake akugona atatu bedi limodzi kunyumba ya amphawi. Ine ndingapirire zimenezo, masiku anga ngochepa. Koma ana a Thirza, akuluakulu a tchalitchi adzawagawira alimi ngati tiana ta nkhumba, uyu uku, uyu uko. Thirza sakudya, akungoti anakupha ndi iye. Ndamuuza kuti aleke, koma mphamvu zomukalipira tsiku ndi tsiku zandithera.

Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo ya nsomba, ndipo ukachoka mkazi wako adandaula. Adandaule. Sindikufuna nsomba zako kapena china chilichonse cha m'thumba mwako. Ndikufuna nkhope yako, tsiku limodzi. Enoch akubweretsera kalatayi. Sitima imene adzabwerere nayo kuno, ukwere yomweyo. Umete ndevuzo kuti anthu akuzindikire. Udzaimirire, akutsine ngati afuna, kenaka ubwerere kwanuko, sindidzakugwira malaya.

Ndipo panyanjapo ukhale pakati pa sitima, uvale zofunda, mowa uusiye. Kale ndinkakupempherera monga mdzukulu. Masiku ano ndikukupempherera monga denga.

Mulungu akusunge, aoloke nawe. Undiperekere moni kwa mkazi wakoyo, amene dzina lake sindinauzidwe, ndi kwa ana ngati alipo.

Ndine agogo ako,
Tamsin Tozer