Dirilo ya Noemi

Lolemba, 4 Marichi

Kalata ija yabwera. Mwana wathu Noemi amutenga ku yuniyoni ya amagetsi. Ayamba kuphunzira ntchito pa 11, pa nyumba ya nsanjika zisanu yomwe akumanga kumadzulo kwa mzinda uno wa Omaha. Olembetsa anali 310, atengapo 28. Ndaiwerenga katatu. Mayi ake, Griselda, alira, kenako andikalipira kuti ndaigwira ndi manja a fumbi.

Lachitatu, 6 Marichi

Ndauza anzanga pa nkhomaliro. Chepe akuti, "Mwana wa womata makoma kukhala wamagetsi? Nzeru anatengera kwa mayi ake ameneyo." Aseka onse, ine ndemwe.

Ndakumbuka tsiku langa loyamba, 17 Ogasiti 1999. Ndinafika chimanjamanja. Kapitawo anangoti, "Zida zako zili kuti?" Miyezi inayi ndikubwereka dirilo, makina oboolera, kwa anthu, mpaka dzina langa linasanduka Wopempha. Noemi asakaone zimenezo. Ndimugulira yakeyake, ya batire, yopanda chingwe.

Lachinayi, 7 Marichi

Mkangano lero: zida zofiira kapena zachikasu. Batire la zofiira sililowa mu zachikasu, ndiye ukasankha mtundu wasankhiratu. Chepe akuti, "Zili ngati ukwati, achimwene. Kusudzula n'kodula." Iye ndi ine tonse ndife achikasu. Koma ndawerenga amagetsi a pamalo pathu: mwa asanu ndi atatu, asanu ndi awiri amanyamula zofiira. Basi, zofiira.

Loweruka, 9 Marichi

Maola awiri ndi theka m'sitolo. Dirilo iliyonse ndimaikweza pamwamba pa mutu n'kuwerenga mpaka 60, chifukwa ntchito ya amagetsi ndi ya kudenga. Ya batire la mavoti 18 ndi yamphamvu, koma pofika madzulo phewa limadandaula. Dzanja la N. ndi laling'ono. Ndatenga ya mavoti 12: dirilo, makina omangira masikuluu, mabatire awiri, chaja ndi chikwama chake. $199, msonkho $13.93, zonse $212.93.

Pobwera ndinaika chikwamacho pampando wakutsogolo, ngati munthu.

Lamulungu, 10 Marichi

Ndamupatsa titachoka ku Misa. Wathokoza, wandikumbatira, kenako wayang'ana mayi ake.

"Papa, pa mndandanda womwe anatipatsa palibe zimenezi. Pali pulayala, tepi, masikuludiraiva, basi."

"Mndandandawo ndi wa ana opanda abambo awo," ndatero ine.

Ndimafuna kulembapo dzina lake ndi penti, iye akuti ndidikire kaye.

Lolemba, 11 Marichi

Wanyamuka 5:40, chikwama chofiira paphewa. Ndinaima pawindo mpaka galimoto itakhota. Wabwera 4:15, walunjika kuchipinda. Chikwama chatsala m'galimoto.

Lachiwiri, 12 Marichi

Wandiuza lero, mayi ake atamukakamiza. Pamalo pawo pali mayi wina, Lorraine, woimira yuniyoni. Dzulo anamuimitsa pageti, anthu onse akuona.

"Iwe watsopano, chimenecho n'chiyani? Kabweze m'galimoto."

Kumeneko zida za batire amagula ndi kampani. Wantchito saloledwa kubwera ndi zake. Lorraine akuti, "Ukabwera ndi yako lero, mawa bwana atiuza tonse kuti tizibwera ndi zathu. Anthu anamenyera zimenezi iwe usanabadwe."

Azibambo a pamalopo ayamba kumutchula Kontirakita. "Kontirakita, tilembeniko ntchito." "Kontirakita, malipiro liti?"

Ndimathawa kuti mwana angapatsidwe dzina, dzinalo ndamugulira ndine. Griselda anaphika nyemba zakuda, sindinazikhudze.

Lachinayi, 14 Marichi

Ndauza Chepe. Wasiya kutafuna. "Kampani kugula zida? Kumeneko ndi ku Omaha konkuno kapena kumwamba?"

Ndabwerera m'mabuku anga akale. Kuyambira 1999 ndagula madirilo 11. Atatu anabedwa, imodzi inagwa kuchoka pa nsanjika yachinayi, ena anangotopa. Palibe bwana anandipepesapo. Sindinadziwe kuti kuli malo komwe munthu angafike ndi manja ake okha, osachita manyazi.

Lachisanu, 15 Marichi

N. wabwera akuimba. Lero anamupatsa paipi kuti apinde, wapinda kamodzi n'kukwana. Dzina lija silinachoke, koma akuti tsopano akamuitana amayankha kuti, "Ofesi yatsekedwa, bwerani Lolemba," iwo n'kumaseka.

Wandionetsa chithunzi pafoni: bokosi la kampani lalitali ngati firiji, mabatire ali mizeremizere pa machaja. Ndawerenga 24.

Akuti Lorraine anamufunsa pa nkhomaliro kuti anasankha zida zija ndani. Atamva kuti ndi ine anati, "Bambo akowo amaidziwa ntchito ya kudenga. Ukawauze kuti ndatero. Koma zisabwerenso."

Kenako N. wandigwira dzanja. "Papa, mukazibweze. Musakwiye."

Sindinakwiye. Ndamufunsa kuti Lorraine ananena bwanji kwenikweni, wabwereza.

Loweruka, 16 Marichi

9:05 ndinali kale pa mzere wa obweza katundu, anthu anayi kumbuyo kwanga. Mayi wa pakauntala, wachikulire, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, watsegula chikwama n'kuwerenga zonse.

"Chavuta n'chiyani, bambo? Sizikugwira?"

"Zikugwira bwinobwino. Ndinagulira mwana wanga wamkazi. Ndi wamagetsi, wa yuniyoni. Kuntchito kwake zida amagula ndi kampani."

"Pepani, sindinamve. Mukulankhula motsitsa."

Ndabwereza, mokweza. Bambo wina wa jekete ya penti kumbuyo kwanga wati, "Ee, mwana wamkazi?"

Mayi uja anali atamva kale, akudinda pepala. Koma ine ndatembenukira kwa bambo uja, ndanenanso kachitatu.