Themositati M'poto wa Tiyi

Chiosya, Mchinji
29 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Eneya,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Kitweko. Musadabwe kulandira pepala m'malo mwa foni. Ndapatsira amayi a Rhoda amene akubwera kumeneko, ndipo chifukwa chake muchiona kumapeto. Musathamangire kumapetoko, ndimakudziwani inu.

Tsiku lija pafoni munati tisiye kuvutitsa ababa ndi mafizo a kuchipatala cha ku boma, poti sitiroko ija inawalanda mwendo, pakamwa ndi mutu womwe. Ndinangoti chabwino, koma mtima unandiwawa. N'zoona, mwezi uno wonse ankakana pikapu yawo yomwe. Tikawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo, tisanapite patali ankayamba kumenya dashibodi ndi dzanja lamanzere, lamoyo lija, uku akubuula mpaka tibwerere. Adokotala anatichenjeza kuti akapitiriza kujomba, mwendowo uuma ndipo sadzayendanso. Alamu anu a Mateyo ankati ababa sakufuna kuti mkamwini agwire chiwongolero chawo.

Tsono nkhani inayambira apa. Mu Meyi, potuta mtedza, galimoto inawira panjira ya ku Kamwendo. Anzawo a Mateyo oyendetsa matakisi a ku boda anawauza kuti vuto ndi themositati, kachitsulo kamene kamatseka njira ya madzi mpaka injini itatenthera. Akuti kameneko n'ka kumayiko ozizira, kuno timangochotsa kuti madzi aziyenda mwaufulu. Alamu anuwo mukuwadziwa, mawu a anzawo amawamva msanga kuposa a mkazi wawo. Anakachotsa, anafika pakhomo akuyenda ngati tambala, n'kukaponya m'chitini cha misomali pakhonde. Kuyambira pamenepo kamuvi kosonyeza kutentha kankangogona pansi m'mawa wonse, iwo n'kumanyadira kuti injini yazizira ngati madzi a mumtsuko. Zoti mafuta akutha msanga, hita ikuuzira mphepo yozizira, komanso ikasenza matumba masana ikuwirabe, zonsezo ankati ndi ukalamba wa galimoto.

Lachitatu m'mawa ndinawakhazika ababa pakhonde pafupi ndi mbaula, n'kutereka madzi a tiyi. Kuzizira kwa chaka chino, achimwene, ndi agalu omwe asiya kuuwa. Pobwera ndi shuga ndinapeza misomali ili mbwee pansi, chitini chili pamiyendo pawo, ndipo ndikuona ndi maso angawa anaponya kachitsulo kadzimbiri kaja m'poto.

"Ababa, mwatani? Madzi a tiyi amenewo!"

Misozi inalengeza, chifukwa mumtima ndinati basi, a Eneya ananena zoona. Nditati ndiphule potoyo, anandigwira pamkono. Mphamvu imene ija sindinkadziwa kuti akadali nayo. Anandilozera m'potomo ndi maso. A Mateyo anatulukira, mswachi uli kukamwa, ndipo tonse atatu tinazungulira mbaula ngati tikuwotcha chimanga.

Madzi atayamba kuimba, kachitsulo kaja kanayamba kutseguka pang'onopang'ono, mpaka pakati pake panaoneka mpata. Ababa anakavuula ndi supuni n'kukaika pasimenti. Kakuzizira, kanadzitseka kokha. Kenaka anayang'ana mkamwini wawo, analoza galimoto, n'kusisita mwendo wakufa uja.

A Mateyo anachotsa mswachi kukamwa.

"Ndiye kuti n'kabwinobwino, ababa? Ndinachotsa chinthu chamoyo?"

Ababa anagwedeza mutu kuvomera.

Achimwene, ndinachita manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi. Mwezi wonse munthu ankamenya pa kamuvi kaja kutiuza kuti injini siikutenthera ndipo mphepo ikumuluma mwendo, ife n'kumakambirana za mutu wake iye ali pomwepo. Munthu woti anayendetsa malole a fodya mpaka imvi.

Apa ndiwayamikire alamu anu. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Ananyamula ababa ndi mpando womwe mpaka pagalimoto, n'kutsegula boneti. Ababa analoza rediyeta ndi ndodo yawo, ndipo titasuzumira tinapeza yadzaza makoko a mtedza ndi njere za udzu, mphepo yosowa polowera. Chowiritsa galimoto chinali chimenecho. Tsiku lonse a Mateyo anali mwana wa sukulu, kutsuka rediyeta ndi kubwezera kachitsulo kaja m'malo mwake. Akagwira sipanala yolakwika, ndodo inkawagogoda pabondo, iwo n'kumati pepani abwana. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Tiyi tinamwa madzulo, m'poto wina.

Dzulo tinanyamuka m'mawa kupita ku boma, mtima wanga uli m'mwamba. Tisanafike pamsewu wa tala, kamuvi kanadzuka, kanakwera mpaka pakati n'kuima pomwepo. Kumapazi kunayamba kubwera kamphepo kofunda. Ababa anatambasula dzanja, ine n'kuti ayambanso, koma anangosisita dashibodi ija n'kuseka ndi theka la pakamwa. Kuchipatala anagwira zitsulo zoyendera n'kukoka mwendo uja okha. Sikuti ayamba kuyenda ayi, ulendo ukadalipo wautali, koma mafizo sitisiya, ndipo pamenepa musandikakamize.

Ndili ndi mapempho awiri. Amayi a Rhoda pobwerera muwapatsire masokosi ochindikala. Lachiwiri ndiye lalikulu. Mukaimba foni musamangondifunsa ine kuti ali bwanji. Muzindiuza kuti ndiwaike foni kukhutu, muwauze za malole a kumgodi, ngakhale asayankhe. Akumva zonse, achimwene. Ndi zimene munanena tsiku lija anamva, foni inali pa sipika.

A Mateyo akupereka moni, akuti mukamabwera musawaseke kwambiri. Mwana wathu Yankho akuti moni kwa amalume ake. Kalatayi ndawawerengera ababa, ndipo nditafika pa dzina lanu anandilanda pepala. Banga lakuda limene mukuliona pansipa musalipukute, si litsiro. Ndi chala chawo chachikulu chakumanzere, anachiviika okha mu oyilo wa galimoto yawo. Moni wawo ndi umenewo.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Tabeth