Katswiri wa Sinowo wa ku Dedza

Al Muntazah, Doha
14 Novembala 2016

Okondedwa Malume,

Landirani moni, ndipo yambani mwakhala pansi: mwana wa mlongo wanu wakwezedwa. Tsopano ndine katswiri wa sinowo m'chipululu muno.

Bwana amene ndimawayendetsa agula nyumba ku Canada, kumene akuti sinowo, chipale chofewa ngati ufa, amatseka kanjira ka galimoto pakhomo. Tchimo langa ndi lakuti tsiku lina ndinadzitama kuti kwathu ku Dedza kumazizira. Basi. "Overton, iwe ndiwe wa kozizira, uli ndi digiri. Yalla, fulumira, tisankhire makina ochotsera sinowo!"

Masabata awiri ndakhala ndikutuluka thukuta pakompyuta, kuyerekeza makina a petulo ndi a magetsi, a matayala ndi oyenda pa tcheni ngati kasinja. Awa akuti achepa, awo akuti adzutsa aneba. Ine chipale chimene ndimachidziwa ndi cha mufiriji. Anzanga ogona nawo chipinda angonditcha Pulofesa.

Dzulo avomera ofiira, poti akufanana ndi galimoto yawo. Kenako akuti wosankha ndiye apite akawakankhe, Disembala yense. Za tchuthi changa angoti "inshallah", Mulungu akalola, ndipo inshallah ya bwanawa ndimaidziwa bwino.

Ndiye za chinkhoswe changa ndi Esnat cha mu Disembala chija, Malume, mukapepesenso kuchikazi. Aka nkachitatu kusintha tsiku, ndikudziwa. Mawu ake mukawapeze inu, ine andithera. Esnat ndamuuza kale pafoni. Sanakalipe ayi. Anangoti "chabwino", ndipo ulendo uno sanafunse kuti tsiku lina ndi liti.

Mupereke moni kwa onse pakhomopo.

Ine wanu,
Overton